K1,300 ya wanchito wa m'nyumba: lamulo lilipo, koma lifika pa geti?

Basi yoyamba kucoka ku Kanyama, Chawama kapena Mtendere sinyamula mabwana. Imanyamula amai opita kukacapa ndi kukolopa ku mayadi, alonda obwerera kunyumba maso ali ofiira, ndi anyamata okatsegula mashopu ku Kamwala. Aja amene tauni imadzuka nao ndiwonso amalandira zocepa kuposa onse.

Kuyambira pa 1 January 2024, boma linakweza malipiro ocepetsetsa a wanchito wa m'nyumba kucoka pa K993.60 kufika pa K1,300 pamwezi. Mkati mwake, K1,100 ndi malipiro enieni, K200 ndi ya transipoti. Si mphatso ya madamu iyi, ndi lamulo. Wolipira zocepera pamenepa akulakwira boma.

Manje tiyeni tiwerenge, inu amene mumapatsa kondakitala ndalama m'mawa ulionse. K200 mukaigawa pa masiku 26 a nchito, ikhala yosakwana K8 patsiku, kupita ndi kubwera. Ndiye cifukwa cake mumaona azimai akutsika pa theka la njira, kwinako ndi wapansi. Ndipo a JCTR, amene amawerengera mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu mu Lusaka, ciwerengero cao cinapitirira kale K9,000 pamwezi. Kwa ine, K1,300 ndi yocepa kwambiri. Koma cimene cimandiwawa ndi cakuti ngakhale yocepayo ena saiona.

Ndikamaceza ndi anchito pa Kulima Tower, dandaulo limakhala limodzimodzi: kulibe pepala. Munthu anayamba nchito ndi mau apakamwa cabe, ati tizaonana kumapeto kwa mwezi. Tsiku lokangana, bwana akana zonse, ndipo amakumbutsa kuti ofuna nchito ndi ambiri kunja kwa geti.

Apa ndi pamene lamulo la Employment Code Act la 2019 lifunika kulidziwa. Nchito ya miyezi 6 kapena kuposa iyenera kukhala ndi kontrakiti yolembedwa. Ngakhale munapangana pakamwa, bwana afunika kusunga zolemba za panganolo. Sangakucotseni popanda cifukwa comveka, ndipo ngati akuti mwalakwa, ayenera kuyamba wamva mbali yanu. Kukhala ndi pakati si mlandu wocotsera munthu nchito. Mzimai aliyense wa pa nchito ali ndi tsiku limodzi pamwezi lopuma, lija timati Mother's Day, osafunika kalata ya ku cipatala. Maola a nchito ndi 48 pa sabata. Opitirira apo ndi ovataimu, ndipo ovataimu imalipiridwa.

Nkhani ya NAPSA ndiyo imabisika kwambiri. Wanchito amadulidwa 5 peresenti, bwana naye aikapo 5 peresenti yake. Wanchito wa m'nyumba nayenso ayenera kulembetsedwa, si za a m'maofesi okha. Mu 2023, pamene boma linalola anthu kutengako 20 peresenti ya ndalama zao za NAPSA, amene sanalembetsedwepo analibe cotenga, olo anagwira nchito zaka zambiri. Coipa kwambiri ndi bwana wodula ndalama pa malipiro koma osaipereka. Tengani NRC yanu, pitani ku NAPSA, mufunse ngati dzina lanu lilimo. Musadikire ukalamba.

Ndidziwa, kupita ku Labour Office kumafuna mtima. Munthu amaopa kuti akadandaula lero, mawa ana agona ndi njala. Koma dandaulo lopanda umboni limafera panjira, kaili bwana amabwera ndi nkhani yake. Conco yambani lero: lembani m'kabuku tsiku limene munayamba nchito, ndalama imene mumalandira ndi maola amene mumagwira. Ngati amakulipirani pa foni, musafafanize mameseji a Airtel Money kapena MoMo. Nkhani ikakanika kwa ofisala wa za nchito, imatha kupita ku Industrial Relations Division ya High Court, ndipo kumeneko kabuku kaja ndi mameseji aja azakulankhulirani.