Mapiri Amene Moto Wake Unazima: Kangankunde ndi Maungawhau

Mapiri ambiri a ku Machinga ndi ku Balaka anabadwa ndi moto zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, pamene chiphalaphala, chomwe ndi miyala yosungunuka ndi kutentha kwa m'kati mwa dziko, chinkakankha nthaka kufuna potulukira. Chikala, Chaone, Mongolowe ndi Chinduzi, mapiri amene andandana kuchokera cha ku nyanja ya Chilwa kulowera ku Shire, ndi chiphalaphala chimene chinazizirira pansi n'kudzaonekera nthaka ya pamwamba itakokoloka, pomwe Kangankunde, amene watumphuka yekha m'chigwa cha Balaka, ndi chitsa cha phiri lophulika, ndiko kuti khosi limene moto unkadzera. Mwala wake ndi carbonatite, wonga laimu koma wochokera m'moto, ndipo uli ndi rare earth, zopangira maginito a magalimoto oyendera magetsi.

Kutali ndi mapiri amenewa, mumzinda wa Auckland, ku New Zealand, mulinso phiri lozima lotchedwa Maungawhau, limene Azungu analipatsa dzina loti Mount Eden. N'lotalika mamita 196, ndipo pansonga pake pali chidzenje chomera udzu chakuya pafupifupi mamita 50, chimene anthu amayenda m'mphepete mwake akuyang'ana mzinda ndi nyanja. Ulemu umene phirili limalandira lero sunabwere msanga, pakuti mapiri ena a mzindawo anagumulidwa ndi ophwanya miyala mpaka kutsala zigwembe, ndipo zinthu zinasintha kwenikweni mu 2014, lamulo litabweza mapiri 14 kwa mafuko a Amaori, eni nthaka, amene tsopano amawayang'anira limodzi ndi khonsolo ya mzinda. Mu 2016 magalimoto analetsedwa kufika pansonga ya Maungawhau, ndipo m'dzenje muja, momwe Amaori amati ndi mopatulika, palibe wololedwa kutsikiramo.

Ku Machinga munthu sakwera phiri chimanjamanja kuti akangoona kutali. Amapita ndi nkhwangwa, chikwanje kapena dengu, kukafuna nkhuni, nsungwi, bowa ndi mizu ya mankhwala, ndipo ena amapita ndi Baibulo kukachezera m'mapemphero. Sikuti kukongola sakuona, pakuti aliyense wotsetsereka pa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde amaponya maso pa chigwa cha Shire chitayalika ngati mphasa. Koma phiri kwa iye ndi nkhokwe, ndipo nkhokwe imasamalidwa ndi mwini wake. Apa ndi pamene pagona vuto, chifukwa nkhalango ya Liwonde inatetezedwa mu 1924 ndi boma la atsamunda, ndipo chitetezo chimene chinasandutsa anthu a m'munsi mwa phiri alendo pa zawo zomwe chalephera kuletsa njinga zosenza matumba a makala, zimene zimatsika m'bandakucha kusiya zitsa ndi utsi m'mapirimo.

Za Kangankunde n'zofulumira kuposa apa, popeza mu 2022 kampani ya ku Australia ya Lindian Resources inagwirizana zogula mgodi wa rare earth wa m'phirimo pa madola 30 miliyoni. Balaka, boma la chilala, likufunikadi ntchito ndi ndalama, ndipo palibe wanzeru anganene kuti phirilo lingosiyidwa. Komabe mafumu ndi anthu a m'midzi yozungulira akuyenera kukhala ndi mawu, mgodi usanazame, osati pa chipukutamisozi chokha, komanso pa mbali ya phiri imene idzasiyidwe ndi mitengo yake, ndi kanjira kokwerera pamwamba pomwe ana asukulu a ku Balaka angadzaime n'kugwira ndi manja mwala umene unatuluka m'moto.