Momwe katundu amafikira ku siteshoni ya mumlengalenga

Makilomita pafupifupi 400 pamwamba pathu pali nyumba ya kafukufuku yotchedwa International Space Station, imene mwakhala muli anthu mosadukiza kuyambira mu Novembala 2000. Kumeneko kulibe munda kapena msika; chakudya, zovala ndi zipangizo zimachokera pansi pano.

Dziko la America litasiya kuulutsa zombo zake za Space Shuttle mu 2011, bungwe la NASA linayamba kutuma makampani kunyamula katundu wake. Ulendo woyamba wa pa mgwirizanowu unali wa kampani ya SpaceX, mu Okutobala 2012. Roketi ya Falcon 9 inanyamuka ku Cape Canaveral, ku Florida, itasenza chombo chopanda munthu chotchedwa Dragon. Mphindi ziwiri zisanakwane, injini imodzi mwa 9 inazima. Kompyuta inalamula zotsalazo kuti ziyake nthawi yotalikirapo, ndipo Dragon inapitirira ndi ulendo.

Ophunzira athu ambiri amaganiza kuti roketi imangokwera molunjika mpaka kukafika pakhomo pa siteshoni. Apa mpofunika kuti tifotokoze mofatsa. Siteshoniyo siima malo amodzi: imathamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, n'kuzungulira dziko lapansi m'mphindi pafupifupi 90. Motero roketi ikakwera pang'ono imapendekeka n'kuthamangira cham'mbali, kuti chombo chipeze liwiro lofananalo. Chombocho chimayamba kuzungulira dziko m'munsi mwa siteshoni. Njira ya m'munsi ndi yaifupi, ngati mzere wa m'kati pa bwalo la mpikisano wothamanga, ndiponso chinthu choyenda m'njirayo chimafulumira kuposa cha pamwamba. Choncho chombo chimayandikira siteshoni pa kuzungulira kulikonse, chikukwera pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mtunda umene basi ingaumalize tsiku limodzi unatengera Dragon masiku oposa awiri.

Pa 10 Okutobala, Dragon inayandama moyandikana ndi siteshoni, ndipo Akihiko Hoshide wa ku Japan anaigwira ndi mkono wamakina wotchedwa Canadarm2, mothandizana ndi Sunita Williams wa ku America.

Kubwerera kwake n'kumene kunasangalatsa kwambiri asayansi. Zombo zonyamula katundu za Progress, za ku Russia, zimabwerera zitadzazidwa zinyalala ndipo zimapsera mumlengalenga. Dragon ili ndi chishango choiteteza ku kutentha. Pa 28 Okutobala inatera ndi maparachuti m'nyanja ya Pacific, itanyamula magazi ndi mkodzo wa anthu a m'siteshoni, zoti madokotala akapime momwe thupi limasinthira munthu akakhalitsa kumwambako.