KOMPYUTA IMODZI, OBWEREKA AMBIRI: NTHAWI IMATAYIKA PA KAUNDULA

Wolemba Mtolankhani Wathu

Masiku ano maboma ndi makampani ambiri sagulanso kompyuta yawoyawo pa ntchito iliyonse, koma amabwereka chigawo cha kompyuta yaikulu. Makina amodzi amagawidwa kuti aoneke ngati makompyuta ambiri, ndipo chigawo chilichonse chimatchedwa virtual machine. Nzeruyi si yatsopano ai, pakuti kampani ya IBM inatulutsa dongosolo lotere, lotchedwa VM/370, m'chaka cha 1972. Komatu pali msonkho wobisika umene wobwereka aliyense amalipira, ndiwo nthawi yotayika pofunafuna malo a zinthu.

Pulogalamu ikafuna kanthu m'nkhokwe ya kompyuta, imene akatswiri amati memory, imatchula nambala ya malo, koma nambalayo si ya malo enieni. Njira imeneyi inayamba ndi kompyuta ya Atlas ku Manchester m'chaka cha 1962. Nkhokwe imadulidwa m'masamba, kawirikawiri a mabayiti 4,096, ndipo pali kaundula woonetsa pamene tsamba lililonse lili. Pa makina ambiri a Intel ndi AMD kaundulayu ali ndi mabuku anayi: loyamba limalozera lachiwiri, chomwecho mpaka lachinayi. Kalaliki aliyense wa m'rejisitale adziwa kuti kutsegula mabuku anayi chifukwa cha kalata imodzi nkochedwetsa ntchito. Nchifukwa chake purosesa imasunga kakope kakang'ono ka mayankho a posachedwa, kotchedwa TLB, ndipo imapita ku mabuku pokhapokha yankho likasowa m'kakopemo.

Tsono mu virtual machine akaundula alipo awiri: wa mlendo wobwerekayo, ndi wa mwini nyumba, ndiye pulogalamu yoyang'anira yotchedwa hypervisor. Kale mwini nyumba ankalemba kaundula wachitatu wophatikiza awiriwo, koma mlendo akasintha kanthu ntchito inkayamba yaima kuti wachitatuyo akonzedwe. AMD m'chaka cha 2007 ndi Intel m'chaka cha 2008 anapanga mapurosesa otha kuwerenga okha akaundula onse awiri, ndipo kuimaima kuja kunachepa zedi.

Koma mankhwalawa anadza ndi nthenda yake. Mabuku a mlendo amakhalanso m'nyumba ya mwini, kotero kuti lililonse lisanatsegulidwe purosesa iyenera kuwerenga mabuku anayi a mwini kuti ilipeze. Aphunzitsi aone samu yake: kuwerenga kasanu pa buku lililonse mwa anayi ndi 20, kuonjezapo kanayi kopezera tsamba lenilenilo ndi 24. Ulendo umene unali wa mapazi 4 ukhoza kufika mapazi 24, ndipo pa makina a mabuku asanu ukhoza kufika 35.

Njira yodziwika kwambiri yofupikitsira ulendowu ndiyo kukulitsa masamba. Tsamba limodzi la mamegabayiti 2 limalowa m'malo mwa masamba ang'onoang'ono 512, motero mzere umodzi wa m'kakope kaja umakwanira malo aakulu, ndipo buku limodzi limachoka pa kaundula. Mlendo ndi mwini akagwiritsa ntchito masamba otere onse awiri, mapazi 24 aja amatsika kufika 15. Mapurosesa amasunganso pafupi mizere ya mabuku oyamba, ndiponso amaika chizindikiro cha mwini wake pa mzere uliwonse wa TLB, kuti kakopeko kasafufutidwe konse pamene alendo akusinthana.

Ngakhale zili tero, tsamba lalikulu lili ndi choipa chake. Pulogalamu yofuna malo ochepa ikapatsidwa tsamba lotere, otsalawo amangokhala, ndipo nkhokwe ikagawikagawika nkovuta kupeza malo aakulu ogundizana.

Nkhaniyi ikhudza thumba la Boma lililonse, pakuti makina obwereka amalipiridwa monga mwa nthawi, ndipo mabuku aakulu monga a malipiro ndi a mayeso ndiwo amasowetsa mayankho m'kakope kawirikawiri. Ofesala wosaina pangano lobwereka makina achita bwino kufunsa ngati masamba aakulu aloledwa mbali zonse ziwiri, ndi kuyesa ntchito yake yeniyeni pa makinawo asanaike dzina lake pa pepala.