Msonkho wa munthu wosamuka pakati pa chaka

Malume anga adagwira ntchito yophika pa malo ena ogona alendo ku Senga Bay kwa zaka zisanu ndi zitatu. Mu Sepitembala 2023 adapeza ntchito ya mtundu womwewo ku Cape Town, ndipo adanyamuka ndi mapepala onse oyenera. Nyumba yawo, yomwe ili pafupi ndi msewu wochokera ku Salima, adaisiya m'manja mwa munthu wochita lendi. Popeza ndine wa kuyunivesite m'banja mwathu, makalata onse adandisiyira ine, ngakhale kuti zomwe ndimaphunzira ndi zilankhulo. Funso lomwe adanditumizira pa WhatsApp patatha miyezi ingapo lidali lakuti: "Mphwanga, chaka chino msonkho wanga ndi wa boma liti?"

Yankho lake n'lakuti ndi wa maboma onse awiri, koma lililonse lili ndi gawo lake.

Choyamba kudziwa n'chakuti maiko awiriwa sawerenga chaka mofanana. Kuno chaka cha boma cha zachuma chinkayamba pa 1 Julaye, koma kuchokera mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Ku South Africa chaka cha msonkho wa munthu chimayamba pa 1 Malichi n'kutha kumapeto a Febuluwale. Choncho miyezi yomwe malume adaphika chambo kunyanja, Epulo mpaka Ogasiti, idali ya bungwe la Malawi Revenue Authority, pomwe Sepitembala mpaka Febuluwale idali ya South African Revenue Service.

Lamulo la Malawi limayang'ana komwe ndalama yachokera. Ngati gwero lake lili m'dziko muno, msonkho ndi wa kuno, mwini wake akhale ku Salima kapena kutsidya kwa Limpopo. Pa malipiro a ntchito panalibe vuto, chifukwa olemba ntchito ankadula kale msonkho wa PAYE mwezi ndi mwezi. Chomwe malume adaiwala ndi chikalata cha P9, chosonyeza ndalama zomwe adalandira ndi zomwe zidadulidwa. Ndidakachitenga ndine, nditayenda maulendo atatu. Nkhani yaikulu idali lendi. Nyumba sidakwere basi. Ili pompano, ndipo ndalama yake imayenera kulembedwa pa fomu ya msonkho yomwe imaperekedwa pasanathe masiku 180 chaka chitatha. Wochedwa amalipira chindapusa.

Ku South Africa zinthu n'zosiyana. Kuyambira mu 2001 dzikolo limafunsa kaye ngati munthu ndi wokhala m'dzikomo. Akakhala wotero, amakhoma msonkho pa ndalama zake zonse, ngakhale zochokera kunja. Akapanda kutero, amakhoma pa zokhazo zomwe wapezera komweko.

Apa mpomwe maphunziro anga adandithandiza pang'ono. M'Chichewa mneni woti "kukhala" ndi wotambalala kwambiri: timakhala pampando, timakhala ku Lilongwe, timakhala bwino. Malume atamva zoti "wokhala m'dzikomo" adaganiza kuti akunena iwo, popeza amagona ndi kudzuka ku Cape Town. Ena amaganiza kuti akunena nzika. Lamulo silitanthauza zonsezi. Njira yake yoyamba ndi yowerenga masiku: munthu akhale m'dzikomo masiku oposa 91 m'chaka chimenecho, oposa 91 m'chaka chilichonse mwa zaka zisanu zapitazo, komanso oposa 915 tikaphatikiza zaka zisanuzo. Mlendo wa miyezi isanu ndi umodzi sangafikepo. Njira yachiwiri imafunsa komwe munthu amabwerera akatha maulendo ake, ndipo liwu lathu loyandikira kwambiri si "kukhala" koma "kwawo". Malume ali ndi nyumba, mkazi ndi ana ku Senga Bay. Kwawo n'kuno. Akadatenga banja lonse n'kugulitsa nyumba, n'kusanduka mtchona, yankho likadasintha kuyambira tsiku lomwe adakhazikika.

Kwa wofika poteropo, yemwe lendi yake ya kuno ingawerengedwenso uko, pali pangano la maiko awiriwa la mu 1971 loletsa kukhometsa munthu kawiri pa ndalama imodzi. Koma amafuna umboni woti kuno adalipira kale, ndiye malisiti asatayidwe.

Agogo anga amati kale amuna ankapita ku migodi ya Joni kudzera ku WENELA kuti akapeze ndalama ya msonkho wa nyumba, womwe atsamunda adaukhazikitsa m'zaka za m'ma 1890. Mwina n'chifukwa chake liwu loti "msonkho" limatiopsabe, moti ambiri sakhulupirira kuti boma lingabweze ndalama. Komatu zimatheka. Ku South Africa olemba ntchito amadula msonkho wa pamwezi ngati kuti munthu alandira malipiro amenewo chaka chonse. Wogwira theka la chaka nthawi zambiri amadulidwa mopitirira, ndipo njira yobwezeredwa ndi kupereka fomu ya ITR12 pamodzi ndi chikalata cha IRP5 nyengo yake ikatsegulidwa mu Julaye.

Malume adapereka fomuyo monyinyirika, akuti kudzipereka wekha kwa a msonkho n'kuputa mavu. Ndalama zitalowa ku banki adandiimbira usiku, ndipo mawu awo oyamba adali ofunsa ngati denga la khitchini likudonthabe.