Wophunzira wa ku Chiromo Angalembenji pa CV?

Tchuthi chikamayandikira, ophunzira ambiri a m'sukulu za sekondale ndi za ukachenjede ochokera ku Chiromo, Makhanga, Bangula ndi Muona amayamba kulingalira za kumene angapeze kantchito ka masabata oŵerengeka. Chifukwa chake sichisoŵa kufunsa. Pali fizi, pali nsapato ndi sopo, ndipo makolo ambiri kuno kuchigwa amadalira munda umene chaka china umapsa ndi dzuŵa, chaka china n'kumira m'madzi. Amene walephera kupeza kangachepe patchuthi, nthaŵi zina sabwereranso kusukulu.

Chiromo ndi malo amene anazoloŵera kulemba anthu ntchito. Pano, pamene Ruo atsira mu Shire, m'zaka za m'ma 1890 pankakocheza sitima za pamadzi zochokera ku Chinde, ndipo njanji yodzera pano inafika ku Blantyre mu 1908. Masiku amenewo mnyamata wamphamvu ankangoima pamaso pa kapitao, nalembedwa tsiku lomwelo. Koma madzi anadula njanji ija mu 1997, ndipo ntchito za kanthaŵi zimene zimapezeka masiku ano n'zamtundu wina. Zimadza ndi mabungwe othandiza anthu, zipatala, masukulu, masitolo ndi nthambi za boma. Kalembera wa zitupa za unzika wa mu 2017, kalembera wa anthu wa mu 2018 ndi chisankho cha pa 16 September 2025 zonsezi zinafuna antchito ambiri a kanthaŵi m'maboma onse. Olemba ntchito otere sayang'ana minofu. Amafuna pepala lofotokoza mbiri ya wofunsayo, limene tonse timalitcha CV.

Apa ndi pamene ophunzira athu amagwa mphwayi. Ndikaŵafunsa m'kalasi kuti alembe ntchito zimene anagwirapo, ambiri amasiya malowo osalemba kanthu, kapena amangoti "palibe". Iwo amaganiza kuti ntchito ndi yokhayo ya muofesi, ya malipiro a pamwezi. Kunena zoona, ndi ana ochepa m'Malaŵi muno amene anasenzapo udindo wonga umene ana a kuchigwa kuno asenza.

Taganizani, aŵerengi, zimene zachitika m'zaka khumi ndi kanthu zapitazi. Madzi anasefukira mu January 2015. Anabweranso ndi namondwe wa Idai mu March 2019, wa Ana mu January 2022, ndi wa Freddy mu March 2023. Nthaŵi zonsezi anthu anathaŵira m'misasa, yambiri mwa iyo ili m'masukulu momwe. Kodi analemba maina a mabanja pamene mfumu inkaŵaitana ndani? Anathandiza kugaŵa ufa ndi mabulangete ndani? Anaimirira pakati pa mlendo wochokera ku Lilongwe ndi gogo wolankhula Chisena chokha ndani? Kaŵirikaŵiri anali mwana wa Folomu 3 kapena Folomu 4, poti ndiye anali ndi cholembera m'manja ndi Chingerezi pakamwa. Imeneyo inali ntchito, ngakhale sanalandirepo tambala. Bungwe lofuna anthu ochita kafukufuku m'midzi likufuna munthu woteroyo, koma silingamdziŵe ngati iye mwini sanena.

Nkhani ya chilankhulo ndiyofunika kuiimirira pang'ono. Ophunzira ena amachita manyazi kulemba kuti amalankhula Chisena kapena Chimang'anja, ngati kuti ndi chilema. Chonsecho ambiri mwa antchito amene amatumizidwa kuno kuchokera kumtunda samva Chisena, ndipo wodwala akamalongosola kumene kukuŵaŵa kapena mlimi akamadandaula za mbeu, womasulira amafunika. Lembani zilankhulo zanu zonse, ndipo nenani poyera chimene mumangolankhula ndi chimene mumathanso kulemba.

Si zamadzi zokha ayi. Mtsikana amene amasunga kaundula wa banki m'khonde ya amai ake amadziŵa kuŵerengera ngongole ndi chiwongola dzanja. Mnyamata amene amagulitsa nsomba zochokera ku Elephant Marsh pamsika wa Bangula amadziŵa mtengo, phindu ndi kusunga ndalama za mwini. Wina anakhalapo pa kabenchi ka Airtel Money kapena Mpamba. Wina amaphunzitsa ana a Sitandade 8 madzulo. Wina ndi mlembi wa kwaya, wina anali mtsogoleri wa ophunzira anzake kapena wosamala mabuku a sukulu. Zonsezi n'zoyenera kulembedwa.

Koma pali kalembedwe kake. Mau akuti "ndine wolimbikira, wokhulupirika ndi womvera" amapezeka pa pepala la aliyense, ndipo woŵerenga amangoŵadumpha. Chimene chimamgwira mtima ndi ntchito yeniyeni, nthaŵi yake ndi kukula kwake. Tiyerekeze kuti mtsikana walemba kuti, "Ndinathandiza pamsasa." Mau ameneŵa sanena kanthu. Akalemba kuti, "Mu March ndi April 2023 ndinalemba maina a mabanja 80 pamsasa wa pasukulu yathu, ndi kumasulira Chingerezi m'Chisena pogaŵa chakudya," woŵerengayo wamuona kale akugwira ntchito. Chiŵerengero chikhale choona. Ngati simukuchikumbuka bwino, funsani amene munkagwira nawo, musangopeka.

Za kaonekedwe ka pepala sindichulutsa gaga. Tsamba limodzi n'lokwanira kwa wophunzira. Pamwamba pakhale dzina monga momwe lilili pa chitupa ndi pa satifiketi, mudzi, mfumu yaikulu, boma ndi nambala ya foni imene imayankhidwa. Kenaka maphunziro, kuyambira a posachedwa: amene ali ku koleji atchule chaka chimene alimo, amene analemba MSCE atchule chaka ndi maphunziro amene anakhoza bwino, ndipo amene sanalembe anene kalasi imene ali. Potsatira ntchito zija, zilankhulo, ndi luso lina monga kompyuta. Pepalali nthaŵi zambiri limalembedwa m'Chingerezi, tsono mphunzitsi wa phunzirolo aliŵerenge lisanataipidwe. Ndipo pepala lopita kuchipatala lisafanane ndendende ndi lopita kusitolo: kuchipatala yambani ndi kumasulira ndi kulemba maina, kusitolo yambani ndi kusunga ndalama. Onjezaninso mzere umene ambiri amauiŵala, wonena masiku amene mungagwire ntchito ndi tsiku limene sukulu idzatsegulidwe.

Pansi pake pamakhala mboni, aŵiri kapena atatu. Pano ndaona ophunzira akulemba maina a anthu otchuka amene sanalankhulanepo nawo, poganiza kuti dzina lalikulu litsegula chitseko. Bwana akaimba foni namva kuti, "Ameneyo sindimdziŵa," pepala lonse lafera pomwepo. Mboni yabwino ndi imene inakuonani mukugwira ntchito: mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa zaumoyo, wapampando wa komiti ya pamsasa, mbusa kapena shehe. Pitani kaye mukaipemphe mwaulemu, ndipo muiuze ntchito imene mukufunsira. Achibale asakhale mboni.

Bodza pa pepala lotere silikhalitsa, makamaka kuno kumene anthu amadziŵana kuchokera ku Makhanga mpaka ku Nsanje boma. Amene walemba kuti amadziŵa kompyuta adzakhazikidwa pa kompyutapo tsiku loyamba.

Pali vuto lina limene anzathu a kumtunda saliganizira kwenikweni. Madzi akaloŵa m'nyumba usiku, munthu amanyamula mwana, osati satifiketi. Bungwe la mayeso la MANEB ku Zomba limatha kupereka chikalata chotsimikiza zotsatira za munthu, koma pamafunika ndalama ndi nthaŵi, ndipo ganyu wa milungu itatu sadikira. Choncho mapepala anu akulungeni m'pulasitiki, achiteni fotokope n'kusungitsa kwa mbale amene amakhala kumtunda, ndiponso ajambuleni pa foni n'kudzitumizira pa intaneti. Kalata ya umboni ipempheni ntchito ikangotha, poti antchito a mabungwe amasamuka msanga, ndipo chaka chamaŵa mudzapeza nkhope zachilendo.

Chenjerani ndi aliyense wofuna ndalama kuti pepala lanu "liyende". Mauthenga otere amazungulira kwambiri pa WhatsApp, ndipo amatchula maina a makampani odziŵika pofuna kukopa anthu. Ntchito yeniyeni imalengezedwa poyera, pa bolodi la ofesi, m'nyuzipepala kapena pa wailesi.

Makolo nawonso adziŵe kuti lamulo la ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa zaka 14 mpaka 18 sayenera kupatsidwa ntchito yoopsa kapena yomlepheretsa kupita kusukulu. Akuluakulu anati mapanga aŵiri avumbwitsa. Ndaonapo ophunzira anzeru amene analaŵa ndalama za ganyu nayamba kujomba, mpaka mayeso anaŵapeza ali pamsika. Mzere uja wonena tsiku lotsegulira sukulu umateteza wophunzirayo koposa bwana.

CV siiyenda yokha. Imatsagana ndi kalata yofunsira ntchito, imene ili ndi malamulo akeake a malonje ndi matsirizidwe. Za kalatayo tidzakamba m'gawo lotsatira.