Kusiyana kwa jack ya mono ndi ya stereo pa gitala ya bezi

Gitala ya bezi yamagetsi imakhala ndi kabowo kachitsulo, m'mphepete mwa thupi lake kapena kumaso kwake, komwe woimba amalowetsamo chingwe chopita ku amplifaya. Kabowoka oimba ndi okonza zida amakatchula kuti jack, ndipo chitsulo cha kumapeto kwa chingwe ndiye pulagi. Pulagiyi ndi yonenepa mamilimita 6.35, kapena kuti kota ya inchi, mulingo umene unayambira m'nyumba zolumikizira matelefoni chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Kunja majack onse amaoneka ofanana. Kusiyana kuli m'kati, pa kuchuluka kwa tizitsulo tokhudza pulagi ikalowa: jack ya mono ili ndi tiwiri, ya stereo ili ndi titatu.

Pulagi ya mono imadziwika ndi kamzere kamodzi kakuda kozungulira pafupi ndi nsonga. Kamzereka kamalekanitsa nsonga, imene imanyamula mawu a gitala, ndi thunthu lalitali, limene ndi earth. Amisiri amatchula pulagi yotereyi kuti TS. Pulagi ya stereo, yomwe amati TRS, ili ndi timizere tiwiri, ndipo pakati pa timizereto pamatsala kachitsulo konga mphete. Jack ya stereo ndiye imakhala ndi kadzanja kena kowonjezera kokhudza mpheteyo, komanso timakutu titatu towotchererapo mawaya m'malo mwa tiwiri.

Bezi yopanda batire, imene oimba amati passive, imangofuna jack ya mono. Nsambo zikamanjenjemera pamwamba pa maginito a pickup zimapanga magetsi ochepa kwambiri, omwe amadutsa pochepetsera mawu n'kukafika pansonga ya pulagi, kenako n'kubwerera kudzera pa earth. Njira ziwirizi n'zokwanira. Umu ndi momwe Fender anapangira Precision Bass mu 1951 ndi Jazz Bass mu 1960, ndipo magitala ambiri otengera awiriwa adakali otero mpaka lero.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti bezi yambiri yokhala ndi jack ya stereo siitulutsa mawu a stereo ayi. Mawu ake amayenda njira imodzi basi. Kadzanja kachitatu kaja kamagwira ntchito ya swichi. Izi zimachitika pa bezi ya active, yomwe ili ndi kachipangizo kokweza ndi kukonza mawu m'mimba mwa gitala momwemo, koyendera batire la mavoti 9, kapena mabatire awiri opereka mavoti 18. Kampani ya Alembic ya ku California inali m'gulu la oyamba kuika zipangizo zotere m'magitala, koma imene inazifikitsa kwa oimba ambiri ndi Music Man StingRay ya mu 1976.

Nzeru yake ndi yosavuta koma yogometsa. Waya wakuda wa batire salumikizidwa ku earth mwachindunji. Amamuwotcherera pakakhutu ka mphete. Gitala ikakhala yopanda chingwe, wayayo sakhudza chilichonse, ndiye batire silipereka moto. Woimba akalowetsa pulagi ya mono, thunthu lake lalitali lija, popeza lilibe mphete yolekanitsidwa, limakhudza kadzanja ka mphete ndi ka earth nthawi imodzi, n'kukhala ngati mlatho pakati pa awiriwa. Magetsi amapeza njira, gitala n'kuyaka. Akazula chingwe, gitala yazima. Opanga anapewa motero kuboola thupi la gitala kuti aikepo swichi ina yomwe munthu angaiwale kuzimitsa.

Pali zinthu ziwiri zimene mwini bezi ya active ayenera kuzisunga pamtima. Choyamba, gitala ikasiyidwa chingwe chili cholowetsa, batire limapitiriza kutha ngakhale amplifaya itazimitsidwa ndiponso mawu atachepetsedwa mpaka pansi. M'matchalitchi ndi m'nyumba zoyeserera nyimbo, momwe zida zimatsala zili zolumikiza kuchokera Lamulungu mpaka Lamulungu linzake, apa ndi pamene mabatire amathera. Batire likayamba kufooka mawu amatsika, ndipo nsambo zikuluzikulu zikamenyedwa mwamphamvu zimalira mosasa ngati sipika yang'ambika. Si zachilendo kuti munthu ayambe kukayikira amplifaya pamene vuto lili m'kabokosi ka batire kuseri kwa gitala.

Chachiwiri, jack ya stereo ya mtundu uwu imafuna chingwe cha mono. Wina akaganiza kuti jack ya stereo iyendere limodzi ndi chingwe cha stereo, mphete ya pulagi imakhala payokha, mlatho uja sukhalapo, ndipo gitala ikhoza kungoti zii. Nthawi zina imalira ndithu, ngati jack ya ku amplifaya yakhudzitsa mphete ndi earth kumapeto enawo, koma zimenezi si zodalirika.

Bezi yotulutsa mawu m'njira ziwiri zenizeni ilipo, ngakhale ndi yochepa. Yodziwika kwambiri ndi Rickenbacker 4001 ndi 4003 imene inailowa m'malo. Magitalawa amakhala ndi mabowo awiri oyandikana: lina ndi la mono wamba, linalo lalembedwa kuti Rick-O-Sound. Pa lachiwirili, pickup ya kufupi ndi khosi ndi ya kufupi ndi bridge zimatuluka padera, ina pansonga ina pamphete. Chingwe cha stereo chimakagawika pawiri, ndipo woimba atha kutumiza mawu akuya ku amplifaya ya bezi, mawu akuthwa n'kuwapititsa ku amplifaya ina kapena ku zipangizo zosinthira kamvekedwe. Ubwino wake ndi wakuti mawu akuthwawo akhoza kukhadzulidwa mwadala koma kugunda kwa pansi n'kukhalabe koyera. Chris Squire wa gulu la Yes anatchuka ndi kaimbidwe kogawa mawu a Rickenbacker yake motere. Pulagi ya mono ikalowa m'bowo la Rick-O-Sound, pickup imodzi yokha ndi imene imamveka, chifukwa inayo yagwetsedwa ku earth. Palinso opanga amene anasankha njira ina: Yamaha Attitude ya Billy Sheehan imagawa mapickup pogwiritsa ntchito majack awiri osiyana, iliyonse ndi chingwe chake.

Jack ndi chitsulo chimene chimatha msanga pa gitala, poti chimakokedwa ndi kugwedezeka tsiku lililonse, ndiye nkhani yosintha imabwera posachedwa. Mawu akamadukaduka munthu akagwedeza pulagi, kawirikawiri kadzanja kafooka kapena nati yamasuka mpaka jack yazungulira n'kudula waya m'kati. Pa bezi ya passive, jack ya stereo imagwira bwinobwino: kakhutu ka mphete kamangosiyidwa, ndipo okonza ena amaikonda chifukwa kadzanja kowonjezerako kamagwira pulagi zolimba. Koma jack ya mono pa bezi ya active siiyenera. Waya wa batire amasowa pomuika, ndipo akamulumikiza ku earth gitala imakhala yoyaka usana ndi usiku, batire n'kumatha ngakhale gitalayo ili m'chikwama.

Cholakwika chofala powotcherera ndi kusokoneza timakutu, chifukwa kakhutu kamene kayandikana ndi kadzanja sikuti nthawi zonse n'ka kadzanjako. Pa majack otsekeka aatali ngati mpope, m'kati simuoneka n'komwe. Njira yotsimikiza ndi kulowetsa pulagi ya stereo yosawotcherera kanthu, n'kuyeza ndi mita kuti kakhutu kati kakugwirizana ndi nsonga, kati ndi mphete, kati ndi thunthu. Waya wa mawu apite kunsonga, wa earth kuthunthu, wakuda wa batire kumphete. Asanatseke chivundikiro, wokonza ayeze ngati moto wa batire ukudukadi pulagi ikazulidwa.