"Ine Sindine Chitsanzo cha Ana Anu": Kodi Barkley Ananena Zoona?

M'chaka cha 1993 kampani yopanga nsapato ya Nike inaulutsa uthenga wamalonda pa wailesi za kanema za ku America umene anthu akukanganabe nawo mpaka lero. Mu uthengawo munali Charles Barkley, katswiri wa basketball, mpira uja amaponyera mu mkombero wa ukonde wopachikidwa m'mwamba. Iye ananena mosapsatira kuti si chitsanzo cha mwana wa munthu aliyense, ndipo salipidwa kuti akhale chitsanzo. Anati ntchito yake ndi kusewera mpira basi, makolo ndiwo ayenera kukhala chitsanzo, ndipo luso lake logoletsa mpira silitanthauza kuti iye alere ana a eni ake.

Barkley anasiya kusewera m'chaka cha 2000, ndipo kuyambira pamenepo wakhala wothirira ndemanga pa pulogalamu ya pa kanema yotchedwa Inside the NBA. Kuyambira 2011 amathiriranso ndemanga pa mpikisano waukulu wa basketball wa ophunzira a m'makoleji umene umachitika mwezi wa Malichi chaka ndi chaka. Pa zaka zonsezi maganizo ake aja sanasinthe, koma anaonjezapo mfundo ina: kuti achinyamata, makamaka akuda, aleke kuganiza kuti njira yokhayo yotulukira mu umphawi ndi masewera kapena kuyimba. Iye wakhala akudandaula kuti akapita kukayankhula m'masukulu a ana akuda, ambiri amamuuza kuti akufuna kudzakhala osewera mpira, pamene m'masukulu a azungu ana amatchula udokotala, uloya ndi uinjiniya.

Makolo anzanga, nkhaniyi ndi ya kutali, koma funso lake lili m'nyumba zathu. Ana athu nawonso amaona anthu otchuka pa kanema ndi pa foni tsiku ndi tsiku. Nanga mwana amatengera ndani? Ndipo kodi munthu angathe kukana kukhala chitsanzo monga momwe munthu amakanira ntchito imene sakuifuna?

Pamene analondola

Tiyambe ndi kumupatsa zake. Barkley anabadwa m'chaka cha 1963 m'tauni yaing'ono ya Leeds, m'chigawo cha Alabama. Bambo ake anachoka pakhomo iye akali wamng'ono, motero analeredwa ndi amayi ake pamodzi ndi agogo ake aakazi. Akamanena kuti mwana amaleredwa ndi anthu a m'nyumba, amakamba zimene zinamuchitikira yekha. Amene ankamudzutsa, kumudyetsa ndi kumulanga sanali munthu wa pa kanema ayi, anali amayi awiriwa.

Pa nkhani ya ophunzira, chiwerengero chenichenicho chikumuvomereza. Bungwe la NBA, komwe kuli ndalama zambiri, lili ndi matimu 30 okha, ndipo pa chisankho chake cha pachaka limatenga osewera atsopano osapitirira 60, ena mwa iwo ochokera kunja kwa America. Koma makoleji amene amasewera basketball ya amuna m'gawo lapamwamba lokha ndi opitirira 350. Bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji la NCAA limati mwa osewera basketball 100 alionse a m'makoleji, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amasankhidwa ndi NBA. Ambiri mwa enawo 99 ayenera kukadya za maphunziro awo. Mnyamata amene anataya mabuku chifukwa cha mpira amatuluka m'koleji ali chimanjamanja, mawondo atatha kale.

Kuyambira mwezi wa Julayi 2021, ophunzira osewera a ku America analoledwa kulandira ndalama kwa makampani ofuna kugwiritsa ntchito maina ndi zithunzi zawo pa malonda. Barkley wadzudzula kangapo momwe zinthuzi zikuyendera, ponena kuti ndalama zaphimba chinthu chimene mwana anapitira ku koleji, chomwe ndi maphunziro.

Ngakhale pa tebulo limene iye amakhalapo pa kanema pali umboni wa mphamvu ya kholo. Mnzake wothirira naye ndemanga, Shaquille O'Neal, anachoka ku Louisiana State University m'chaka cha 1992 asanamalize, nakalowa NBA. Koma analonjeza amayi ake kuti adzamaliza sukulu, ndipo m'chaka cha 2000, ali kale mpondamatiki ndiponso katswiri wodziwika dziko lonse, anakalandira digiri yake. Ndalama sizikanamubweza m'kalasi pakuti anali nazo kale. Chinamubweza ndi lonjezo la kwa amayi ake.

Pamene anaphonya

Komatu pali funso limene uthenga uja sunayankhe. Kodi n'chifukwa chiyani kampani ya Nike inamulipira Barkley kuti aonekere pa kanema? Inamulipira chifukwa inkadziwa kuti ana akaona nsapato kuphazi kwake adzavutitsa makolo awo kuti awagulire zomwezo. Malonda onse a mtundu umenewu maziko ake ndi akuti ana amatsanzira. Choncho munthuyo ankalandira ndalama chifukwa chakuti ana amamutsanzira, kwinaku akuwauza kuti iye sakukhudzidwa ndi zimene angatengere kwa iye. Sizingatheke kuti mwana atengere nsapato zokha, n'kusiya kayankhulidwe ndi khalidwe la mwini nsapatoyo.

Wosewera mnzake, Karl Malone wa timu ya Utah Jazz, anamuyankha chaka chomwecho m'magazini ya Sports Illustrated. Mfundo yake inali yakuti munthu wotchuka sadzisankha yekha kukhala chitsanzo, amachita kusankhidwa ndi amene akumuona, ndipo chimene iye angasankhe n'chimodzi chokha: kukhala chitsanzo chabwino kapena choipa. Apa Malone analasa pamtima penipeni pa nkhaniyi.

Mbiri ya Barkley mwini ikuonetsa zimenezi. M'chaka cha 1991, pa masewera ku New Jersey, anafuna kulavulira munthu wina amene ankamunyoza, koma malovuwo anakagwera kamtsikana kamene kanakhala pafupi. Anamulipiritsa madola 10,000 ndi kumuimitsa masewera amodzi. Kumapeto kwa 2008 anamangidwa ku Arizona chifukwa choyendetsa galimoto ataledzera, ndipo m'chaka cha 2009 anakhala m'ndende masiku atatu. Wavomerezanso ndi pakamwa pake kuti anataya madola mamiliyoni ambiri pa juga. Sitikutchula izi pofuna kumujeda, pakuti zinachitikira poyera ndipo mwini wake anazikamba. Tikuzitchula chifukwa ana ankamuona pa nthawi zonsezi, ndipo mau akuti "sindine chitsanzo" sanatseke maso a mwana aliyense.

Chodabwitsa n'chakuti zabwino zake nazonso zikutsutsa mau ake. M'chaka cha 2016 anapereka madola 1 miliyoni ku Alabama A&M University ndi 1 miliyoni ina ku Clark Atlanta University, ndipo anaperekanso 1 miliyoni ku Morehouse College. Onsewa ndi makoleji amene anakhazikitsidwa kuti aphunzitse anthu akuda pa nthawi imene ankasalidwa. Munthu amene amapereka chuma chake poyera kuti ana a eni aphunzire, ndipo amayenda m'masukulu kuwalangiza, akugwira ntchito ya chitsanzo, afune asafune.

Mnzake wa timu imodzi

Kuyambira 1996 mpaka 2000 Barkley anasewera ku Houston Rockets, timu imodzi ndi Hakeem Olajuwon, Msilamu wobadwira ku Lagos m'dziko la Nigeria. Awiriwa anabadwa chaka chimodzi, 1963, ndipo analowa NBA chaka chimodzi, 1984. Barkley anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu 1993, Olajuwon mu 1994. Koma pa funso limodzimodzilo anayankha mosiyana.

Olajuwon sanayambe ali munthu wodekha. Pa zaka zake zoyamba ankadziwika ndi mtima wapachala, wokangana ndi oyimbira masewera ndiponso womenyana ndi anzake. Atabwerera ku chipembedzo chake ndi mtima wonse anasintha, ndipo mu 1991 anakonzanso kalembedwe ka dzina lake kuchoka pa Akeem kukhala Hakeem. Ankasala m'mwezi wa Ramadan ngakhale pa masiku a masewera, ndipo mu Febuluwale 1995, mwezi umene unakumana ndi Ramadan, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa mweziwo. Timu yake inatenga chikho mu 1994 ndi mu 1995.

Pa nkhani ya nsapato ndi pamene kusiyana kwawo kunaonekera bwino. Mu 1995 Olajuwon anaika dzina lake pa nsapato za kampani ya Spalding zogulidwa pafupifupi madola 35, pa nthawi imene nsapato za akatswiri anzake zinkafika madola 120. Chifukwa chimene anapereka chinali chakuti mayi wosauka wa ana atatu sangakwanitse mtengo wotero, ndipo mapeto ake ana amaba nsapatozo, mwinanso kuphana kumene. Iyeyu anadziwa kuti ana akumuona, ndipo anaganizira thumba la mayi wawo. Ngakhale pa malonda ake ogula ndi kugulitsa malo ndi nyumba ku Houston, anadziwika kuti sakongola ndalama za chiwongoladzanja chifukwa chopewa riba.

Sitikunena kuti Olajuwon ndi munthu wopanda chilema, ndiponso sitikuuza ana kuti achotse chithunzi cha wosewera wina pakhoma n'kupachikapo china. Naye anachoka ku University of Houston kukalowa NBA nthawi yake ya ku koleji isanathe. Phunziro lake n'lakuti munthu akhoza kuvomera kuti maso ali pa iye, n'kusenza udindowo m'malo mouthawa.

Wophunzira wa ku koleji ali pakati

Tsopano tibwere kwathu. Pakati pa anthu onse, wophunzira wa ku koleji ndiye ali pa malo ovuta, chifukwa amatsanzira ena kwinaku naye akutsanziridwa. Kusukulu ali kutali ndi maso a makolo kwa nthawi yoyamba, ndipo akufunafuna munthu woti afanane naye. Koma akafika kumudzi pa tchuthi, iyeyo ndiye amene ana onse a pamudzi akumuyang'ana.

Kuno kunyanja tikudziwa tonse chimene chimachotsa anyamata athu m'kalasi. Wina amaona mnzake wabwera ku usodzi ndi ndalama m'thumba tsiku lomwelo. Wina amaona mkulu wake wabwera kuchokera ku Joni ndi foni yaikulu ndi zovala zatsopano, osaona kumene ankagona, ngakhale anzake amene anabwezedwa opanda kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnyamata wa ku Alabama woona mpira ndi mnyamata wathu woona basi ya ku Joni ali pa msampha umodzi: amaona mmodzi amene zinamuyendera, osawerenga ambiri amene zinawakanika.

Motero inu ana athu amene Allah wakupatsani mwayi wofika ku koleji, musanene mau a Barkley aja. M'mudzi momwe ofika ku koleji ndi owerengeka, ang'ono anu amayeza phindu la sukulu poona inu. Amaona ngati mumadzuka pa swala ya Fajr kapena mumagona mpaka dzuwa litakwera. Amaona ngati mumapereka salamu kwa akuluakulu, ngati mumathandiza amayi kuyanika usipa pa thandala kapena mwayamba kunyansidwa ndi fungo la nsomba zimene zikukulipirirani fizi. Inunso atsikana, dziwani kuti alipo bambo amene akuganiza zotumiza mwana wake wamkazi ku sekondale kapena kumukwatitsa, ndipo akudikira kuona momwe koleji yakubwezerani inu. Mukabwera ndi mwano, mwatsekera khomo mwana amene simukumudziwa n'komwe. Mukabwera ndi ulemu ndi nzeru, mwamutsekulira.

Nanga ife makolo?

Mau a Barkley akuti makolo ndiwo chitsanzo tisawataye chifukwa chakuti anachokera pakamwa pa munthu wa zolakwa. Asilamu tonse timadziwa kuti chitsanzo chathu chachikulu ndi Mtumiki Muhammad (SAW), monga momwe Surat Al-Ahzab ikutiphunzitsira. Koma mwana wa zaka 7 sanamuonepo Mtumiki. Ku madrasa amamva mbiri yake kwa maola owerengeka, kenaka amabwerera kunyumba kukaona ngati zimene wamvazo zimachitikadi. Akauzidwa kuti Mtumiki sankanama, n'kumva bambo ake akumutuma kukauza wangongole kuti iwo kulibe ali m'nyumba momwemo, phunziro limene adzasunge ndi la kunyumbalo.

Kuletsa mwana kuona kanema kapena kumulanda foni sikokwanira, pakuti adzakaonera kwa anzake. Chofunika ndi kukhala naye pansi, kumufunsa kuti amasirira ndani ndiponso chifukwa chake. Akatchula wosewera mpira, musamukalipire. Mufotokozereni mbiri yonse ya munthuyo, kulimbikira kwake ndi zogwa zake zomwe, ndiponso chiwerengero cha amene anayesa njira yomweyo osafika. Kenaka muonetseni anthu oti angathe kuwagwira chanza: namwino wa pachipatala chathu, mphunzitsi wa pasekondale, mmisiri wa mabwato wosabera makasitomala ake. Wophunzira wa ku koleji akabwera pa tchuthi, muitaneni adzacheze ndi ana anu, awauze momwe anakhozera mayeso. M'mera m'poyamba.

Palibe pakati pathu amene angakane kukhala chitsanzo, kaya ndi katswiri wa pa kanema, wophunzira wa ku koleji, shehe kapena msodzi. Alipo mwana amene akukuonani lero lomwe. Tipemphe Allah atipatse makhalidwe oti ana athu akawatengera tisadzachite nawo manyazi, pano padziko ndi pa Tsiku la Chiweruzo. Ameen.